Nthochi za Rabecca

Pa wailesi yaing'ono ya ku Petauke panali lamulo lomwe Tasila ankalinyadira: munthu akaimba foni pa pulogalamu ya m'mawa, sadulidwa. Lamuloli linabadwa chaka cha masankho, anyamata achipani atabwera ndi miyala kudzaletsa anthu kudandaula za msewu. Tasila sanatseke maikolofoni tsiku limenelo, ndipo dera lonse linayamba kumutcha mkazi wopanda mantha. Iye ankakana dzinalo ndi pakamwa pokha.

Lachiwiri lina kunaimba mwamuna wosatchula dzina, ati akuimbira ku Luembe.

"Ku Nyimba kuli mzimai, Rabecca, agulitsa nthochi pamene mabasi aimilila," anatero. "Nthochi zake apsetsa na mankhwala. Mwana wanga anadya, manje ali gone."

Chala cha Tasila chinali pafupi ndi batani, koma sanadine. Anangoti, "Mwamvela, a ku Nyimba," n'kulandira foni ya mlimi wodandaula za feteleza.

Basi ikaima pa Nyimba, amayi amathamangira kumawindo nthochi zili m'manja, ndipo wokwera amagula kwa amene wafika msanga. Safunsa dzina. Choncho mbiri itafala, okwera ambiri anasiya kugula kwa onse. Amayi anzake sanachedwe kugamula: Rabecca ayambe wakhala kunyumba.

Sabata yotsatira mayi wina wamfupi anafika pa wailesi ndi phava la nthochi, n'kuliika pa tebulo la Tasila.

"Ndine Rabecca. Munanichula."

"Sindine ninakuchulani, amai," anayankha Tasila. "Ni munthu anatuma foni. Pano aliyense ali na ufulu wokamba."

"Munthuyo ni ndani?"

Tasila sankamudziwa. Sanamufunse dzina, sanafunsenso za mwanayo.

"Ine nivundika m'dzenje na masamba, monga aliyense," anatero Rabecca osakweza mawu. "Bwelani mukaone."

Tisamunamizire Tasila ulesi. Anapita. Anaona dzenje kuseri kwa nyumba, masamba a nthochi atayalidwa bwinobwino. Anafunsa ku chipatala chapafupi, ndipo kunalibe mwana wodwala nthochi. Anamvanso kuti Rabecca ankalimbirana dimba ndi mlamu wake, munthu wa mawu ofanana ndi a uja anaimba foni. Umboni wake panalibe, choncho zimenezo anazisiya.

Atabwerera anakonza nkhaniyo ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse, sabata yathunthu, ankalengeza kuti si zoona kuti amayi Rabecca a ku Nyimba amathira mankhwala mu nthochi. A Morgan, mkulu wa wailesiyo, anamuyamikira pamaso pa onse kuti utolankhani weniweni ndi umenewu. Anawonjezera kuti madzi akatayika saoleka, koma ananena izi akumwa tiyi, ndipo nthochi za Rabecca zinali zitatha kale mu ofesimo.

Mvula itayamba, Tasila anaitanidwa ku Lusaka kukalankhula pa msonkhano wa ufulu wa atolankhani. Basi itaima pa Nyimba, anatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana nkhope zonse. Malonda anali atabwerera mwakale, mkonomkono pamawindo. Mayi wamfupi uja panalibe.

"Amai Rabecca ali kuti?" anafunsa mayi amene ankamulozetsa phava.

"Uti? Uja wa mankhwala?"

"Wailesi inakamba kuti inali boza."

"Tinamvela," anatero mayiyo. "Inakamba maningi, tsiku na tsiku. Kukacha Rabecca, mankhwala. Mailo Rabecca, mankhwala. Na amene sanali kumudziwa anamudziwa. Anayenda ku Mwape, kwa mlongo wake. Mugula?"

Tasila anagula chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo sanamuchoke basi itanyamuka. M'chikwama munali mawu omwe anakonza kuti akanene ku msonkhano, za miyala ija ndi maikolofoni yomwe sinatsekedwe. Onse anali oona. Nthochi zinangokhala pamiyendo pake osadyedwa mpaka basi inayandikira mlatho wa Luangwa.

Bambo wina wokhala pambali pake anali akuziyang'ana kwa nthawi. Kenako anamugwira pamkono mokoma mtima.

"Mwachita bwino kusadya, amai," anatero. "Za pa Nyimba ni zokaikitsa. Kuli mzimai wina kuja, Rabecca. Ninamvela neka pa wailesi."