Mvula ya Mwina

"Amayi, kodi a Elinino aja amakhala ku Dzaleka?"

Anafunsa choncho Tikondwe chaka chija chimanga chinapserera m'munda chili m'mawondo. Mwanayo ankalimva dzinali pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo poti linali lachilendo, anangoti mwini wake ndi mmodzi mwa alendo a kumsasa wa othawa kwawo kuja. Tabita, mayi wake, anangoseka chamumtima. Nayenso sankadziwa. Chomwe ankadziwa n'chakuti munthu wosaonekayo anamudyera munda wonse.

Chaka chino Tabita anali ndi kathumba kamodzi ka mbewu, kamene anakamangirira kudenga kuopa makoswe. Kakanapsa kameneko, kunalibenso kwina kokatenga.

Mvula yoyamba inagwa Okutobala ali kumapeto. Inagwa yamphamvu, n'kuzimitsa moto wa m'mapiri, fungo la dothi lili ponseponse. M'mawa mwake a Aroni, mkulu wa mpingo amene munda wawo unachita malire ndi wa Tabita, anatulukira khasu lili paphewa, foni ili m'manja.

"Amake Tikondwe, mukadali pakhonde? Anzanu tayamba kale. Tamvani izi."

Anadina foni ija. Munatuluka mawu a bambo wina wolankhula mosadodoma, akuti akatswiri a kunja atsimikiza, chaka chino mvula yayamba msanga ndithu, isiyanso msanga ndithu, wochedwa kudzala adzalira.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Tabita.

"Zabwera pa gulu la mpingo."

"Ndamva. Koma iyeyo ndani?"

"Inunso, mukufuna mumudziwe mpaka mfunda wake? Munthu wanena ndithu kawiri konse."

"Iyi si chizimalupsa, a Aroni? Ija imangozimitsa moto n'kupita?"

"Chizimalupsa n'cha kale. Nyengo inasintha, simunamve? Za makolo zija zinatha ntchito."

Tabita sanatsutse. Zoti nyengo inasintha ankaziona ndi maso ake: kamtsinje ka kuseri kwa phiri, kamene ali mtsikana ankachapako chaka chonse, tsopano kankaphwa anthu asanamalize kukolola. Chomutopetsa chinali chakuti kusinthako kunalibe mwini woti n'kumufunsa. Aliyense anali ndi yake. Pamsika ankati ndi mitengo yatha, kutchalitchi ena ankati ndi machimo, foni nayo m'mawa inkanena zina, madzulo zina.

Lachisanu Tabita anatsetsereka phiri kupita ku ofesi ya zaulimi kukafunsa za uthenga uja ndi za Elinino. Mlangizi, mayi Eveline, anamumvetsera atagwira tsaya.

"Uthenga umenewo ndakhala ndikuuyankha sabata yonseyi," anatero mayi Eveline. "Khalani pansi. Elinino si munthu, mayi. Kuli nyanja yaikulu kutali kwambiri. Madzi ake akatentha kuposa nthawi zonse, mphepo zimasokonekera, ndiye kuno mvula imatha kuchepa kapena kudukiza. Alipo anthu amene amayeza madzi amenewo, enanso amayeza mvula yathu konkuno. A zanyengo amaphatikiza zonsezi n'kulengeza pa wailesi, akutchula ofesi yawo ndi tsiku lake."

"Nanga chaka chino akuti bwanji?"

"Akuti yodzalira mwina iyamba chakumapeto kwa Novembala."

"Mwina." Tabita anausa moyo. "Phiri lonseli ndatsikira kudzatenga mwina?"

"Ndilibe china chokupatsani. Amene amayezadi amati mwina, chifukwa amadziwa pothera nzeru zawo. Mukamva wina akuti ndithu pa nkhani ya mvula, dzina lake osatchula, gwiritsani thumba lanu. Ikadzagwa masiku angapo motsatizana, mudzakumbe ndi dzanja. Dzanja lonse likalowa dothi likadali lonyowa, dzalani."

Pobwerera, chitunda chinamukulira. Ankaganiza kuti ndithu ndi mawu okoma, munthu amagona nawo tulo. Mwina ali ngati ndiwo zopanda mchere: umadya, koma mtima sukhala pansi. Atafika anapeza a Aroni atatsiriza kudzala munda wawo wonse, mizere ili mbee, ndipo mabanja ena kumtunda nawonso anali atawerama. Munda wake wokha ndi umene unali chete pakati pa anzake, ngati wa munthu waulesi.

Analowa m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kugwira chingwe cha kathumba kaja. Kenaka anatsika, n'kupita kumunda chimanjamanja, n'kugwada pamzere. Zala zitangolowa pang'ono, zinakumana ndi fumbi louma. Anapukuta dzanja pachitenje n'kubwerera. Kathumba kanakhala pomwepo.

Dzuwa linabwerera ngati lakwiya. Chimanga cha a Aroni chinamera bwinobwino, chinabiriwira masiku ochepa, kenaka masamba anapotana n'kusanduka udzu. A Aroni anasiya kudutsa pakhonde la Tabita. Ngakhale Lamulungu ankazungulira njira ya kudambo.

Tsiku lina masana Tabita anawapeza ataima pamalire a minda yawo, manja ali kumbuyo.

"Mwabwera kudzandiseka?" anatero a Aroni osacheuka.

"Ndiseke chiyani? Kwanga kwamera chiyani? Mwinanso changa chidzapsa mu Januwale."

"Nanunso mwayamba mwina."

"Ndi amene ndinakatenga ku ofesi. Mbewu inatsalako?"

A Aroni anapukusa mutu. Anatulutsa foni ija, n'kuiyang'ana ngati galu amene waluma mbuye wake, n'kuibwezera m'thumba.

Tabita anaganiza za kathumba kake. Sikanali kokwana ngakhale munda wake womwe. Koma munda wa a Aroni ukanagona, njala yake sikanaima pamalire.

"Ikadzagwa yeniyeni, mudzabwere ndi mbale, ndidzakupungulirani," anatero. "Koma wailesi yanga inafa, yanu ili m'foni momwemo. Nthawi ya zanyengo ikamakwana muzibwera nayo pakhonde, timvere limodzi. Uthenga wopanda dzina usamadutse malire ano."

"Mwina," anatero a Aroni, ndi kaseko ka munthu wotopa.

"Ayi, mwina ndi wa mvula. Inuyo nenani ndithu."

A Aroni anayang'ana mizere yawo youma, kenaka anayang'ana Tabita.

"Ndithu, amake Tikondwe. Ndizibwera nayo."