Nsawawa za Pakhoma

Chigulireni mbaula ya nkhuni, Gaétan anasanduka mneneri. Analengeza kwa anzake onse kocheka matabwa kuti chaka chino boyila yotenthetsa nyumba ya m'chipinda chapansi siimwa mafuta ngakhale dontho, kaya kuzizira kwa kwawoko ku Abitibi kuchite makani bwanji.

Mbaulayo inkatenthadi, moti mkuluyo ankakhala pabalaza mimba ili pamtunda, panja chipale chofewa chikulekeza m'mawondo. Vuto linali kachipangizo ka pakhoma kamene kamadzutsa boyila m'nyumba mukazizira. Kanali pafupi ndi mbaula, ndiye kankangoti dziko lonse lafunda. Boyila inagona tulo, madzi a m'mapaipi otenthetsa zipinda n'kuima.

M'mawa wina mkazi wake Maryse anagwira paipi ya kuchipinda cha khanda lawo, Noémie. Kuzizira kwake kunachita kumuluma dzanja.

"Bambo a Noémie, madzi akaundana umu paipiyi iphulika."

"Tsegula zitseko, kutentha kufika kokha."

"Kukalowa mpaka m'khoma? Kuli ndi miyendo?"

"Iwe, za makina undisiyire ine."

Maryse ankadziwa kumene nkhani ya paipi yophulika imathera: kukakhala kwa apongozi mpaka chipale chisungunuke, n'kumaphunzitsidwa kupinda matewera ngati mwanayo anachita kutola. Mwamuna atangotuluka, anatenga jumbo ya nsawawa zoundana mufiriji n'kuipachika pa kachipangizo kaja. Kanazizidwa, boyila inatsokomola pansipo, mapaipi n'kuyamba kufunda. Ankatero tsiku ndi tsiku, mwana ali m'manja, n'kuchotsa jumboyo bwana asanaweruke.

Loweruka masana Gaétan anangotulukira ndi mnzake Réjean, kudzamuonetsa chozizwitsa.

"Taonani achimwene, nkhuni zokhazokha. Boyila ija ndinaika m'manda kalekale."

Pansi pa mapazi awo panamveka kuti guuu.

"Nanga malirowo akuliza mkonono bwanji?" anafunsa Réjean. Maso ake anagwera pakhoma, ndipo anaseka mpaka kugwirira chitseko. "Kwanu kuno ndiwo mumasungira pakhoma?"

Gaétan anathothola jumboyo. "Maryse! Ukundiyalutsa m'nyumba mwanga momwe?"

"M'nyumba mwanu momwemo, poti mukadali mouma." Maryse anamupatsira foni. "Chotsani ndithu. Koma muimbiretu mayi anu kuti atiyalire. Ine ndi Noémie tikagona pabedi lanu lakale lija, inu pasofa. Mowa mukausiye pageti, fodya muzikasutira panja, Lamulungu azikakusendani bulangete kuti musachedwe Misa yoyamba."

Réjean anapukuta misozi. "Mlamu, galu wogona pasofa uja akadalipo?"

"Alipo awiri tsopano."

Gaétan anayang'ana foni ija, kenako jumbo imene inkadontha m'manja mwake. Anaifinya pang'ono.

"Izi zasungunuka," anatero chapansipansi. "Mufiriji mulibe zina?"