Uthenga Wopita ndi Miyendo

Towela anayamba ntchito Lolemba pa 3 Malichi 2025, pa desiki yolandirira alendo ya kampani ina yogulitsa matailosi ku Woodlands. Anampatsa masiku asanu omuyesa. Lachisanu, Ba Peggy, oyang'anira ofesi, anayenera kusankha pakati pa iye ndi mtsikana wina wa ku Chelstone amene anayesedwa sabata yapitayo.

"Malamulo ni yabili chabe," Ba Peggy anatero tsiku loyamba. "Foni isalile katatu, na pa desiki osachokapo."

Mawu a Chingerezi a ntchitoyi Towela ankawadziwa kale. Azakhali ake, Ba Helen a ku Chilenje, amene anakhala sekilitale zaka 26, anamulembera mawu 40 m'kope: memo, circular, notice, enquiry, reminder ndi ena. Sanawasanje motsata zilembo. Tsamba loyamba linali la mauthenga opita papepala, lachiwiri la opita pafoni. Lachitatu linali ndi mutu wokha: opita ndi miyendo.

"Aunt, apa mwaiwala kulemba," Towela anawauza.

"Sininaiwale, iwe. Apo palibe Chizungu. Ukazakumana nawo uzaziba."

Anakumana nawo Lachinayi, 10:20 m'mawa. Anaimba anali Dingani wa ku Katete, mng'ono wa Ba Wilbroad, dalaivala wa lole ya kampaniyo. Foni ya akulu ake sinkayankhidwa. Mayi awo anali atamwalira 7 koloko m'mawa womwewo. Towela analemba dzina, nambala ndi nthawi, n'kumuwerengera Dingani zonse kuti atsimikize.

Ba Peggy ankatuluka ndi chikwama, kuthamangira msonkhano ku Kabulonga. Towela anawauza, iwo anamvetsera ataima pakhomo.

"Mayo, sorry maningi. Mutumile meseji, ali ku yadi kwamene kuli lole. Ali na ulendo wa ku Makeni 11 hours, nizakambako naye nikabwela."

Galimoto yawo itatuluka, Towela anayang'ana wotchi. Meseji ikanapita, Ba Wilbroad akanaiwerenga ali okha, mwinanso ali pachiwongolero mumsewu wa Kafue, matani atatu a matailosi ali kumbuyo. Anatseka kope n'kuimirira.

Sanapite kwa iwo mwachindunji. Nkhani yotere mwana wa zaka 23 sauza bambo wa zaka 50. Anayamba wapita kosungira katundu kwa Ba Reuben, mkulu wa mpingo wa Reformed kumene Ba Wilbroad ankapemphera. Ba Reuben anavula magolovesi osafunsa zambiri.

Anapeza Ba Wilbroad akumanga zingwe palole.

"Shani, ba receptionist, mwasoba njila?" Ba Wilbroad anaseka. "Kuno kuli fumbi, muzaononga nsapato."

"Ba Wilbroad, tiyeni tinkaleko pansi," anatero Ba Reuben. "Makiyi mupaseni mwana uyu."

Kuseka kunatha. Anapereka makiyi, n'kukhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango. Ba Reuben anakhala pambali pawo, nayamba ndi mawu akuti kumudzi sikuli bwino. Towela anasiya nambala ya Dingani m'dzanja la Ba Reuben, n'kubwerera.

Anali atachoka mphindi 14. Foni inaonetsa kuti anthu anayi anaimba osayankhidwa. Anawaimbira onse, womaliza 11:08. Kenako analemba memo ya mizere isanu ndi umodzi, naiika patebulo la Ba Peggy pamodzi ndi makiyi.

Lachisanu, 4 koloko masana, Ba Peggy anamuitana. Memo ija inali patebulo.

"Unachoka pa desiki."

"Ee, mphindi 14. Zili pamemo."

"Ninakuuza kuti utume meseji."

"Munaniuza. Koma uthenga wa malilo sitituma pafoni kuli muntu wamene ali na makiyi ya lole."

"Nanga nikakamba kuti ntchito napasa uja wa ku Chelstone?"

"Mungamupase, Ba Peggy. Ine ningachitenso chimozimozi."

Ba Peggy anawerenganso memo ija mpaka pansi, pamene panali mayina anayi ndi nthawi imene aliyense anaimbiridwa. Anatsegula kabati, natulutsa fomu.

"Monday, 07:30, ubwele na chitupa chako. Manje nkala apo ulembe notice ya malilo, tiike pa bolodi bantu bakalibe kukomboka kuyenda ku nyumba. Malilo ni liti?"

"Mailo, 10 hours, ku Katete. Ba Reuben bayenda kale na basi ya lelo kuseni."

"Lemba na icho."

Towela anakoka mpando, nayamba ndi deti.