Matayala a Misomali

Jeke inali itakwera theka pomwe Outi anaona kuti yayamba kupendama.

"Ilkka, chinthucho chikumira m'miyala."

"Chimatero. Chikufuna poponda," anayankha mlongo wakeyo osadzutsa mutu.

Ilkka anali atagwada pabwalo la nyumba ya makolo awo, atavalabe thalauzi lakuda lomwe anapita nalo kumanda Loweruka. Ku mzinda wa Oulu amagwira ntchito ya muofesi, ndipo galimoto yake amangokaisiya kwa amakaniko iye n'kupita kukamwa khofi. Koma mwana wamwamuna akaika bambo ake m'manda amadziona ngati walandira ndi luso lawo lomwe. Choncho m'mawa umenewo anatulutsa kajeke kakang'ono ka m'buti n'kukalowetsa kunsi kwa chigalimoto cholemera matani awiri ndi theka.

Wailesi inali italengeza kuti chipale chofewa chiyamba kugwa mawa lake. Galimoto ya malemu bambo awo, a Reino, inali idakali pa matayala a nyengo yotentha, a misomali oyendera pa chipale chofewa ataunjikidwa pakona m'galaja. Mtima unawadukiza mwadzidzidzi asanasinthe.

Ana awiriwa anali atamvana kale. Akasintha matayala, mawa akweza amayi awo, mayi Aune, ndi masutikesi awiri m'galimoto yomweyo, ulendo wa ku Oulu. Pakamwa ankati ndi nyengo yozizira yokhayi, koma onse awiri ankadziwa kuti nyumbayo ikatsekedwa siidzatsegulidwanso. Sitolo ndi chipatala zili pa mtunda wa makilomita makumi anayi, njira yake ya m'nkhalango. Mayi wa zaka 71 angakhale bwanji yekha kumeneko? Mayi Aune atauzidwa sanavomere, sanakane. Anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kupukuta makapu omwe anali atauma kale.

Yankho limenelo linkamuwawa Outi, poti ndiye anayambitsa nkhaniyo. Sanaiyambitse mwa nkhanza. Anali ndi mantha, mantha a foni yodzalira tsiku lina kuti amayi anu apezeka m'ngalande.

Tayala lakutsogolo litasiya nthaka, Ilkka anakoleka sipanala pa nati. Nati inakana. Anaponda sipanalayo ndi phazi n'kudumphirapo. Galimoto inagwedezeka, kajeke kanapulumuka, chigalimoto chonse n'kutsika kuti khu, tayala n'kutera pafupi kwenikweni ndi phazi lake linalo.

Ilkka anakhala pansi m'miyalamo, nkhope itatuwa.

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Mayi Aune anatuluka atavala ovolosi ya buluu ya amuna awo. Outi anayamba kuona miyendo ya ovolosiyo. Inali yopindidwa ndi kusokedwa bwinobwino, ulusi wake wakuda kale ndi girisi, ndipo m'maondo munaperepeseka ndendende pomwe panali maondo a amayi ake.

"Wavulala?"

"Ayi, Amayi."

"Ndiye dzuka, ukuwononga thalauzi. Makiyi."

Analowetsa galimotoyo m'galaja chambuyo, kamodzi n'kamodzi, n'kukoka handibuleki.

"Pa simenti," anatero akutsika. "Galimoto siikwezedwa pamiyala. Outi, ika zipikazo kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala ilo. Iwe mkulu wa ntchito, kankha jeke yaikulu ili pansi pa tebuloyo. Kako ka chidoleko kabweze m'buti."

Anatenga chipaipi chotalika ngati mkono wa munthu, anachiveka ku sipanala, n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Nati yomwe inakanira mwamuna wa zaka makumi anayi inalira kamodzi n'kugonja. Anafewetsa manati onse galimoto idakali pansi. Kenako anagwada, napapasa kunsi ndi zala mpaka kupeza chitsulo chokhuthala chomwe jeke imayenera kugwira. Atakweza, analowetsa mwendo wachitsulo wochirikizira, natsitsira galimoto pamenepo, n'kuigwedeza ndi manja awiri.

"Jeke imakweza basi. Kuchirikiza si ntchito yake."

Tayala lotsikalo analilemba ndi choko mbali yomwe lachokera, n'kuligoneka kunsi kwa galimoto kuti chilichonse chitachitika igwere pamenepo. La misomali analigubuduza mpaka pa fosholo yomwe anaigoneka pansi, nakanikiza mpini ndi bondo. Tayala linanyamuka pang'onopang'ono mpaka mabowo ake analoza mabawuti.

"Amayi, zimenezi munaziphunzirira kuti?" anafunsa Outi.

"Muno."

"Liti?"

"Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Kawiri pachaka. Chitseko tinkatseka, ndinkachita manyazi ndi anthu odutsa."

"Ndiye kuti Ababa ankadwala kuyambira kale, n'kumatibisa?" anatero Ilkka.

"Kudwala kwake kuti? Munthu amawaza nkhuni mpaka mwezi watha." Mayi Aune ankalowetsa manati ndi zala, kudumpha imodzi, kudumpha imodzi. "Mukuwakumbuka a Helvi, a kutsidya kwa mlatho? Amuna awo atamwalira, ana anabwera mlungu womwewo n'kuwanyamula ngati kabati. Anakawaika pa nyumba yosanja m'tauni kuti azionera mabasi pawindo. Chaka sichinathe, tinakawaika m'manda. Tikuchokera kumaliro amenewo, bambo anu osavula n'jekete lomwe, akuti, 'Aune, tiye ku galaja.' Ndinawatukwana masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapita."

Outi anayang'ana pansi. Mawu akuti kabati anamulowa, ndipo anachita manyazi.

Ilkka sanafune kugonja msanga. "Nkhani si matayala okha, Amayi. Nanga mutagwa pabwalo? Nanga mutadwala?"

"Ndikagwa ndidzadzuka. Ndikalephera ndidzakuimbirani, foni ndili nayo, ndinu munandigulira." Anapukuta manja pa ovolosi. "Sindine wamakani ngati mmene mukuganizira. Tinapangana ndi bambo anu. Tsiku lomwe ndidzalephere kukweza matayala anayi ndekha, ndidzatseka nyumba n'kutsatira ana, osaliralira. Likakhala lero, likhale lero. Masutikesi ali pamwamba pa kabati, mwawaona kale."

Mayi Aune anagwadanso pa simenti. Tayala lachiwiri linalowa bwino. Lachitatu linatenga nthawi, ndipo mayi Aune podzuka anagwira kaye chitseko cha galimoto, akupuma mwaphuma. Outi anazindikira kuti chiyambire imfa ija sanawaonepo amayi ake akumaliza ngakhale chidutswa chimodzi cha buledi. Anadabwa kupeza kuti mtima wake wasintha mbali. M'mawa ankafuna kuwatenga. Tsopano ankaopa kuti alephera.

Tayala lachinayi linali lakumbuyo, mbali ya kukhoma, pamalo pothina. Mayi Aune analikweza pa fosholo, nakanikiza mpini. Bondo linanjenjemera, fosholo inaterereka, tayala n'kugubuduka kukagunda chitini cha penti. Anakalitenga okha. Ulendo wachiwiri linafika pa mabawuti, koma mabowo sanaloze, ndipo linatsikanso n'kuwakanda chala ndi misomali yake. Anayamwa chalacho n'kutukwana chapansipansi, mawu omwe ana awo sanadziwe n'komwe kuti amawadziwa.

Outi anali atafika kale pambali pawo, manja atatambasula.

"Usakhudze."

"Kungogwiriziza kokha, Amayi. Sitiwerengera."

"Ine ndiwerengera."

"Ndiye ndizingoyang'ana mukuvutika chonchi?"

Mayi Aune anamuyang'ana mwana wawo koyamba m'mawa wonsewo, ndipo maso awo anafewa. Analoza ndi chibwano kampando kathabwa komwe kanali pafupi ndi tebulo.

"Khala apo. Manja uwalowetse pansi pa ntchafu, uwakhalire. Bambo ako ankatero zaka zonsezi. Ankati akapanda kuwakhalira amathawa okha."

Outi anakhala. Analowetsa manja pakati pa ntchafu ndi thabwa lozizira, n'kuwapsinja ndi thupi lonse. Bambo ake anali munthu woti akakuona ukulimbana ndi chivindikiro cha botolo amakulanda usanapemphe. Munthu ameneyo ankakhala pano, kawiri pachaka, akuonerera mkazi wake akutuluka thukuta.

Mayi Aune anapuma kaye. Anazunguza tayala pang'ono pa fosholo, anasuzumira m'bowo ndi diso limodzi, nakanikiza mpini. Tayala linakwera, linaima, n'kulowa. Osacheuka, anapapasa pansi kufuna nati yoyamba.

"Ilkka," anatero Outi, "tayang'ana pafonipo. Basi ya ku Oulu imanyamuka nthawi yanji mawa? Tikufuna mipando iwiri yokha."

Ilkka anatulutsa foni mosanyinyirika. Misozi inatsika m'masaya mwa Outi mpaka kudonthera pa kolala. Sanaipukute. Panali patatsala manati anayi, ndipo manja anali adakawakhalira.