Malo a Wapampando

Ng'ombe zitalowa pa geti la chipatala, zinaima zokha pansi pa mtengo wa mango pamene zinazolowela. Keziah anazigunda ndi kamtengo.

"Tiyeni, lelo sitiima pano."

Mwamuna wake, a Cosmas Njobvu, anadzutsa mutu m'ngolomo. Anali atagona pa matilesi, mpando wawo wa mawilo utamangidwa pambali ndi mphila.

"Amake Sarah, mwapitilila."

"Maso ndili nawo."

Kuchokela pa mangowo kukafika pakhomo la chipatala unali mchenga wokhawokha, ndipo mawilo a mpando ankatitimila. Chibwelele a Njobvu ku migodi, kumene mwala unawathyola msana, Keziah ndiye ankawabeleka kudutsa mchengawo mwezi ndi mwezi, kenako n'kubwelelanso kukatenga mpando. Azimayi a pamzele wa odwala ankamuseka kuti anzake amabeleka ana, iye amabeleka njobvu. Mwezi watha bondo linamukana pakati pa njila. Anagwa onse awili, a Njobvu mchenga m'kamwa, anthu akuona. Pobwelela kumudzi a Njobvu analumbila kuti sadzakwelanso pamsana pa mkazi, ngakhale chilonda cha m'chiuno chiwadye mpaka pafupa. Ndipo chilondacho chinali chitayambadi kununkha.

Pafupi ndi khomo panali malo a simenti okhala ndi denga la malata, olingana ndi khonde. Pa nsanamila panakhomedwa thabwa la zilembo zofiila: MALO A WAPAMPANDO. Apo pankaima galimoto ya a Chibwe, wapampando wa chipani m'delalo, akabwela kudzaona ngati odwala ali ndi makhadi a chipani. Keziah anatembenuza ng'ombe, n'kubweza ngolo cham'mbuyo mpaka inalowa pa simentipo.

Mlonda wa pachipatala, Bonaventure, anatulukila akuthamanga, chipewa m'manja.

"Amai, amai, mwasokonekela? Kodi simuwelenga?"

"Ndinafika Sitandade Folo, mwana wa Daka iwe. Ndawelenga bwinobwino. Gwila uku."

Asanaganize, Bonaventure anapezeka atagwila mwendo wa mpando. Anautsitsa. Keziah anakokela mwamuna wake kumapeto kwa ngolo, n'kumukhazika pampandopo mosavuta konse. Mawilo anagubuduka pa simenti osalimbana ndi chilichonse.

"Manje chotsani ngolo," anatelo Bonaventure. "A Chibwe anati abwela lelo. Ntchito yanga ndi imeneyi, ikatha ana anga adya chani?"

"Ndichotse, ndiye potuluka tikwelela pati? Ukawabeleka ndiwe?"

Bonaventure anayang'ana mapewa a a Njobvu.

Keziah ndi a Njobvu anali asanalowe n'komwe m'chipatala pamene galimoto yobiliwila inafika ikuliza hutala. A Chibwe anatsika pang'onopang'ono, atavala safali suti, n'kuima kutsogolo kwa ng'ombe. Imodzi inawayang'ana ikubzikula.

"Ngolo iyi nja ndani?"

"Njanga, bambo," anatelo Keziah. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, koma sanasunthe.

"Khadi?"

Keziah anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa awili, lake ndi la mwamuna wake. A Chibwe anawatembenuza uku ndi uku, osapezapo cholakwa.

"Ndinu a chipani, nanga bwanji simulemekeza malamulo? Thabwa ili likuti chani?"

"Likuti malo a wapampando."

"Ndiye?"

Keziah anagwila zogwilila za mpando, n'kuutembenuza kuti a Njobvu ayang'anane nawo.

"Ndi awa. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pampando, usiku wokha ndiye amatsikapo. Inu bambo ndakuonani ndi maso anga, mwatsika m'galimoto n'kuyenda ndi miyendo iwili. Wapampando ndani apa?"

Mayi wina pamzele anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. A Njobvu anakonza kolala ya malaya awo.

"Zoona, a Chibwe," anatelo modekha. "Ndipo chikhalileni palibe anaimapo kupikisana nane. Mukaufuna, tisinthane lelo lomwe. Ine nditenge miyendo."

Apa mzele wonse unaphulika. Ngakhale namwino, a Mulako, amene anali atasuzumila pazenela, anabwezela mutu mkati msangamsanga.

Nkhope ya a Chibwe inauma. Keziah anadziwa kuti munthu ameneyu akhoza kungotchula dzina lake ku boma, feteleza wa chaka chino osamuonanso. Anadziwanso kuti theka la azimayi a pamzelewo ndi amene amawavinila a Chibwe alendo akabwela kuchokela ku Petauke, ndipo iye mwini ndiye amayambitsa nyimbo. Anatsitsa mawu, koma osati kwambili moti ena asamve.

"Ife tinamva pa msonkhano inu mukunena kuti m'dziko lino munthu ndiye patsogolo. Nditaona thabwali ndinati, a Chibwe aja sanama, aganizila ngakhale opuwala. Kapena ndinamva molakwa? Mundiuze, kuti Loweluka ndikawafotokozele anzanga zoona."

A Chibwe anayang'ana thabwa, anayang'ana mzele. Anatsokomola.

"Simunalakwe, amai. Ndicho chimene tinaikila thabwali. Vuto ndi anthu ngati awa," analoza Bonaventure, "osamvetsa mfundo za chipani. Mayi akubeleka mwamuna pamchenga, iwe uli pompano?"

"Pepani, bwana," anatelo Bonaventure, maso ali pansi.

A Chibwe anabwelela m'galimoto, n'kukaimika pansi pa mango. Pobwela anadutsa mumchenga muja, akuima kawili kukutumula nsapato.

A Mulako anatsuka chilonda, nati akanachedwa sabata zina ziwili bwenzi nkhani ili ina. Potuluka, Keziah anapeza Bonaventure ali ndi fosholo, akuwola ndowe pa simenti.

"Mwandidyetsa mawu lelo, amai."

"Walila mvula walila matope. Unkafuna ntchito ya boma."

"Koma mwezi wamawa muzimasula ng'ombe, zikadikile ku mango. Ngolo yokha ndiyo izitsala pano."

"Zimenezo tamvana. Kumunda kwathu maungu achita bwino, ndidzakutengela."

Anathandizana kukweza a Njobvu. Pamene Keziah ankamanga mpando ndi mphila, anaona bambo wina wa ku Nyalugwe ataima ndi njinga pafupi ndi nsanamila. Pa kaliyala panali mtsikana wamkulu ndithu, miyendo yopyapyala ikulendewela. Bamboyo ankayang'ana thabwa, kenako Bonaventure.

"Akuti apa mpa wapampando," anatelo mokayika. "Wanga alibe mpando."

"Adzaupeza," anatelo Keziah. "Lowetsani njinga, ife tikuchoka."

Bonaventure anatsamila fosholo yake, n'kuyang'ana kumbali.

Atatuluka pa geti, a Njobvu analankhula ali chigonele.

"Amake Sarah, tsiku lobwelanso analemba liti?"

"Pa fotini."

"Mudzandichapile malaya oyela aja. Wapampando sayenda ndi kolala yakuda."