Injini Akakhala Chete

Namwino anayang'ana manambala pa makina oyezera BP, kenako anamasula lamba pa mkono wa Injini n'kumanganso ku mkono winawo. Asisi anali ataperekeza mng'ono wawoyu kusikelo kambiri ndithu, ndipo ankadziwa kuti namwino akayeza mikono yonse ndiye kuti zinthu sizili bwino.

"Mankhwala aja mukumwa?" anafunsa namwino.

"Akumwa," anayankha Asisi. "Ndimamupatsa ndekha n'kumuyang'ana mpaka ameze."

"Ndafunsa mwini mimba, mayi."

Injini anangogwedeza mutu kuvomera. Mapazi ake otupa anali atasefukira m'masilipasi. Dzina limeneli anamupatsa ndi atsikana a ku saluni ya Asisi, chifukwa chikulireni mimba, ankangoti akakhala pampando wa kuseri kwa madulaya oumitsira tsitsi, meshi yolukira ili m'manja, basi wayamba kuliza mkonono wogwedeza magalasi. Mwamuna wake anali dalaivala wa mathiraki, munthu wokhalira pamsewu, ndiye Asisi anamutenga kuti azikhala kwawo mpaka achire. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri.

Dokotala, mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira nkhani, anawerenga manambala aja n'kukoka mpando.

"Ndikuuzeni mosabisa. BP iyi ikukana mankhwala. Ikapanda kutsika, mwanayu timutulutsa asanakhwime. Ndi wamng'ono kwambiri, sindikufuna kutero. Koma sindingadikirenso kuti amayi ake ayambe kukomoka."

Injini anagwira mimba ndi manja onse awiri.

"Mutu umawawa?"

"M'mawa uliwonse," anatero Injini.

"Masana mumasinza?"

"Ndi mimbatu, adokotala," analowerera Asisi. "Ndani sasinza?"

"Nanga mkonono?"

Injini anawerama. Nkhani imeneyi ankachita nayo manyazi kuposa china chilichonse.

"Pang'ono chabe," anatero Asisi msanga. "Komanso masiku ano ukuchepa."

Sananame, malinga ndi mmene iwo ankadziwira. Poyamba mkononowo unkalira osalekeza. Masiku ano unkaduka, n'kukhala zii, ndipo Asisi, ali kuchipinda kwawo kuseri kwa khoma, ankati mwana wa mayi anga wapezako tulo tabwino.

Dokotala anawatuma kukapereka magazi ndi mkodzo, n'kuwauza kuti adikire zotsatira panja.

Pakhonde pankatentha. Azimayi oyembekezera anadzaza benchi, ena akudzikupiza ndi mipango. Injini anatsamira khoma, mutu unagwera chagada, kukamwa kunatseguka. Sipanapite nthawi, mkonono unayamba.

"Abale, waimika thirakitala pano ndani?" anatero mayi wina wovala diresi lofiira.

Benchi yonse inaphulika ndi kuseka.

"Mwana ameneyu adzabadwa atazolowera. Mudzamugoneka ngakhale pachigayo," anawonjezera wina.

"Inuyo mukagona mumaimba kwaya?" anawakalipira Asisi. "Samalani mimba zanuzo."

Mkonono unakwera, unakweranso, kenako unaduka ngati wina wathimitsa.

"Mwaona?" ananong'ona Asisi. "Apa ndiye wagona. Musamukhudze."

Limeneli linali lamulo lawo ngakhale ku saluni. Injini akakhala chete, wailesi ichepetsedwe, dulaya izimitsidwe, aliyense ayende chonyang'ama. Mtsikana wina anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa chomudzutsa nthawi ngati imeneyo.

Namwino uja ankadutsa ndi thireyi. Anaima. Anaika thireyiyo pawindo n'kubweretsa kuseri kwa dzanja lake pakamwa pa Injini.

"Amachita chonchi nthawi zonse?"

"Chonchi bwanji? Akupumulatu."

"Tayang'anani pachifuwapo."

Asisi anayang'ana. Miyezi yonseyi ankangomvera ndi makutu: kunyumba kudzera pakhoma, ku saluni atafulatira, zala zili m'tsitsi la kasitomala. Lero ndi pamene anaona ndi maso. Chifuwa cha Injini chinkakoka, mimba inkadumpha, pakhosi pankalowa m'kati, koma mpweya sunkadutsa. Milomo inayamba kuyera ngati phulusa.

"Iwe!" Asisi anamugwira phewa. "Iwe, puma!"

"Musamugwedeze, ndikufuna adokotala aone," anatero namwino, uku akukodola mnzake kuti akawaitane.

Pabenchi panalibenso woseka. Mayi wa diresi lofiira anali atagwira pakamwa. Asisi anapeza kuti nawonso asiya kupuma. Kenako Injini anadzigwedeza, anakoka mpweya ndi phokoso ngati munthu wovuulidwa m'madzi, anatafuna malovu, ndipo mkonono unayambiranso. Sanatsegule n'komwe maso.

Dokotala anafika n'kumupanira kachipangizo pachala. Anaimirira pomwepo onse, kudikira. Mkonono utadukanso, manambala a pa kachipangizo kaja anayamba kutsika, ndipo kanayamba kulira.

"Umenewo ndi mpweya wa m'magazi mwake," anatero dokotala. "Akagona, njira ya pakhosi imapanikizika n'kutsekeka. Mimba yatupitsa zonse, ndi m'khosi momwe. Nthawi iliyonse akabanika, thupi limadzidzimuka, BP n'kukwera. Mwananso amalandira mpweya wochepa. Zimachitika kangati?"



"Usiku wonse," anatero Asisi. "Ine ndimaletsa anthu kumudzutsa."

"Mukanamudzutsa sizikanathanso. Chofunika n'chakuti njirayo isamatsekeke. Lero sapita kunyumba."

Anamugoneka m'wodi, atamumanga malamba pachifuwa ndi timachubu m'mphuno kuti ayeze kagonedwe kake. Kutacha, dokotala anati matendawa ndi omwewo, ndipo ndi aakulu. Anabweretsa makina okhala ngati wailesi, okhala ndi paipi ndi chophimba cha pamphuno chokankha mpweya kuti pakhosi pazikhala potseguka. Anamuuzanso kuti azigonera m'mbali, osati chagada.

Injini anachiyesa, n'kuchivula nthawi yomweyo.

"Ayi, asisi. Chikundibanikitsa. Ndiye ndizioneka ngati njovu, alamu anu akabwera adzati chiyani?"

"Alamu anga amagona m'thiraki ndi fungo la dizilo. Asandiuze za kukongola."

"Sindingathe. Mphepo yake ikundilowa ngati ndatulutsa mutu pawindo la basi."

Asisi anatola chophimbacho pabedi.

"Tamvera, mng'ono wanga. Ine ndakuona dzulo ukufa pabenchi, anthu akuseka. Pali chinthu ichi, pali mpeni wa adokotala ndi mwana wokwana m'chikhatho. Sankha msanga, ndili ndi makasitomala."

Injini analira, anawatukwana kuti alibe chisoni chibadwire, kenako anapereka mutu. Asisi anakonza malambawo mosamala kuti asakoke tsitsi, monga amachitira ndi wigi ya mkwatibwi.

BP sinatsike tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Dokotala anayamba kumubaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, kukonzekera zoipa. Asisi anatseka saluni. Ankafika nthawi yoona odwala isanakwane n'kumakangana ndi mlonda wa pageti.

Masana ena chakumapeto kwa sabata Asisi anapeza Injini ali m'tulo, atagonera kumanzere, paipi ikupita kumphuno. Panalibe mkonono. Anaponya chikwama pansi n'kuwerama, maso pachifuwa. Chinkakwera, n'kutsika. Chinkakwera, n'kutsika. Milomo inali ndi mtundu wake.

Foni inalira. Anali mwamuna wa Injini, akuimba ali pamsewu.

"Alamu, muli naye pafupi? Bwanji sindikumva kalikonse?"

"Wagona."

"Wagona osamveka? Ameneyo si mkazi wanga, mwalowa wodi yolakwika."

"Dikirani, anamwino abwera," anatero Asisi, n'kudula.

Namwino anadzutsa Injini pang'onopang'ono, anamanga lamba pamkono, makina anayamba kufufuma. Asisi anayang'ana dzanja la namwinoyo, kudikira kuti lipite ku mkono winawo. Namwino anawerenga manambala, anamasula lamba, anapinda n'kuika m'thumba.

"Sinafike pomwe tikufuna, koma yatsika," anatero. "Adokotala anati ikafika apa, mwana akhale momwemo."

Injini anabwezeretsa yekha chophimba chija n'kutseka maso. Asisi anakokera mpando pafupi ndi bedi, anakhala, maso osachoka pachifuwa paja.