Kamtengo Kamodzi ka Lubani

Miyezi khumi ndi umodzi chipinda cha Jiab chili pamalonda, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzachiona kachiwiri. Kanali kachipinda kabwinobwino, pa nsanjika ya 14, ku Bang Na: bedi, kakhitchini, bafa, ndi kakhonde kongokwana kuyanikapo malaya atatu. Koma mzinda wonse wa Bangkok unali utadzaza ndi tizipinda totere, tatsopano, topanda anthu, ndipo ogula ankangonyada.

Mtima wake unali kale ku Chiang Rai. Prasit, bwenzi lake, anali atatsegula kamalo kogulitsira khofi m'mbali mwa phiri, ndipo amonke, ansembe a kukachisi, anali atawasankhira tsiku labwino la ukwati, pa 9 Novembala. Akaliphonya limeneli, lina labwino linali chaka chamawa. Nanga ntchito ya kusitolo ya mankhwala akanaisiya bwanji, kachipindako kakudyabe theka la malipiro ake kubanki? Akatsinzina ankaona nkhungu ya m'mawa, Prasit akumuveka juzi lake lonunkhira khofi. Akatsegula maso, khoma.

Vuto linali bedi. Omanga nyumbayo analimangira kukhoma pamodzi ndi kabati, kumutu kutaloza kumadzulo, kumene amalozetsa akufa. Achinyamata analibe nazo kanthu, koma ankabwera ndi amayi awo. Mayi ankavula nsapato pakhomo, kutulutsa foni, kuyang'ana kampasi, basi nsapato kuvalanso.

Khomo loyang'anana ndi lake linali la Nuch, wogulitsa zodzoladzola, wamkulu kwa Jiab ndi zaka zinayi. Chipinda chake chinali chimodzimodzi, kungoti zonse zinatembenuka, bedi kuloza kum'mawa. Anachiika pamalonda milungu itatu yokha yapitayo, koma chikepe chikalira, mapazi onse ankakhotera kwa iye. Jiab ankasuzumira pa kabowo ka pachitseko mpaka diso kutuluka misozi. Ndiye ngati zimenezi sizinakwane, bwenzi la Nuch, Somyot, linkakhala mumzinda momwemo, n'kumabwera ndi maluwa popanda chifukwa.

"Nong Jiab, ukadali kuno?" anatero Nuch, pomuitana ngati mng'ono wake, tsiku lina atakumana pakhomo. "Ine ndimayesa uli kale kumapiri, ukukama khofi!"

"Khofi sakama, Phi Nuch," anatero Jiab, pomulemekeza ngati mkulu wake.

"Kaya amamutani. Tamva, mawa 2 koloko kukubwera mayi wina ndi mwana wake wamkazi. Kachitatu tsopano! Ejenti wondigulitsira chipinda akuti ulendo uno abwera ndi cholembera."

"Mwayi wanu, Phi."

Jiab anamwetulira mpaka masaya kuwawa. Milungu itatu! Kodi Nuch ankathamangira kuti? Ndani ankamudikirira kuphiri? Iyeyo, Jiab, anatsitsa mtengo katatu, anapenta, anagula makatani a buluu, koma mwayi unalowa khomo la munthu amene sankaufuna n'komwe.

Mawa lake sanapite kuntchito. Anatsika kukagula botolo la chakumwa chofiira, chija amaikira mizimu, ndi lubani. Timitengo titatu ndi ta kukachisi. Kamodzi ndi ka munthu wakufa, ngakhale mwana amadziwa. Nuch anali kuntchito, kiyi ali ndi ejenti. Itatsala pang'ono 2 koloko, Jiab anaika botolo lija pafupi ndi khomo la Nuch, n'kuyatsa kamtengo kamodzi. Sindikunama, anadziuza. Sindinanene kalikonse.

Chikepe chinalira. Pa kabowo paja anaona ejenti, mtsikana wa magalasi, ndi mayi wonenepa atanyamula ambulera. Mayiyo anangoima njii.

"Anafa ndani?"

"Palibe, Mayi, ndikulumbira," anatero ejenti, thukuta lili kamukamu. "Ine ndabwera kuno kangati?"

"Amayi, mwina ndi ana akusewera," anatero mtsikana uja.

"Ana a kuno amasewera ndi maliro? Tiye!"

Ejenti anajambula botololo pafoni, kenaka n'kuwathamangira. Chikepe chitatseka, Jiab anatola zinthu zija, kukhuthula chakumwacho musinki, n'kuvina pang'ono pakati pa bedi ndi khitchini. Kunali kukoma kwake! Kwa ola lathunthu iye ndi Nuch anali ofanana.

Dzuwa lisanalowe kunamveka kugogoda. Anali Nuch, zodzola zitasungunuka kumaso, atanyamula mpunga womata ndi mango, wa anthu awiri.

"Ndilowe, Nong. Ndili ndi mlandu kwa iwe."

Anakhala pansi, msana kutsamira bedi.

"Mayi uja samafuna chipinda chimodzi. Amafuna ziwiri zoyang'anana, china chake, china cha mwana, kuti aziona amene akulowa kwa mtsikanayo. Ndinamuuza za chako. Ndinapeza ndi kalipentala woti aphwasule bedi lakoli, alitembenuze. Lero akanagogoda kwa iwe. Ndimati ndidzaone nkhope yako."

Jiab anayang'ana mango.

"Tsono chitsiru china chayatsa lubani wa maliro pakhomo. Ndikadzachigwira, ndidzachidyetsa ndi botolo lomwe! Chithunzi chafika kale kwa maejenti onse. Ndipo pepa, Nong, njirayi ndi yopapatiza, sizikuoneka kuti ndi khomo la ndani. Onse akuti ndi chipinda chija cha bedi la kumadzulo."

"Changa?"

"Akuti n'zosadabwitsa. Ejenti wako wandiuza kuti ndikuuze, chaka chino sichigulika, asakunamize munthu."

"Nanga inu, Phi?"

Nuch anatafuna mpunga, n'kupukusa mutu ngati akuthamangitsa ntchentche. "Ine ndatopa nazo. Somyot akuti ndingoikamo ana a sukulu azilipira lendi, ndisamukire kwake Loweruka."

"Loweruka lomweli?"

"Akuti wadikira mokwana. Mwamuna wosapirira ngati ameneyu! Tadya, iwe, mango akuda."

Wadikira mokwana. Ngakhale malonda atafa, Nuch anali ndi munthu womukoka dzanja. Nuch atatuluka, Jiab anapita pakakhonde, pakati pa malaya onyowa, n'kuimbira Prasit. Pansi magalimoto anali ataima mdadada mpaka kosaoneka.

"Phi Prasit, za Novembala zija sizitheka."

Jiab ankafuna Prasit akalipe, alire, anene kuti akukwera basi lero lomwe kudzamutenga, chipinda chipse chokha.

"Palibe vuto, Jiab," anatero Prasit mofatsa. "Chaka chamawa si kutali."

"Ndi kutali! Kwa ine ndi kutali!"

"Ndiwauza amayi akaonenso amonke. Usadandaule."

Kumbuyo kwake kunamveka makapu akugundana, kenaka kuseka kwa mkazi, kuseka kwa munthu wozolowera malo.

"Akusekayo ndani?"

"Kasitomala chabe."

"Kasitomala nthawi ino? Suja mumatseka 5 koloko?"

"Jiab, ndikuimbiranso, mkaka ukusefukira."

Foni inaduka. Jiab anaiyang'ana, naimbanso.